Daniel Igali: anachoka mozemba, anabwerera dzuwa likuswa mtengo

Pa 1 Okutobala 2000, tsiku lotsiriza la masewero a Olimpiki mumzinda wa Sydney ku Australia, mnyamata wa zaka 26 anagonjetsa Arsen Gitinov wa ku Russia ndi mapointi 7 kwa 4 pa masewero ogwetsana. Oyimbira atakweza dzanja lake, iye anatenga mbendera ya dziko la Canada, naiyala pamphasa pamene ankalimbanirana paja, nayamba kuizungulira akuthamanga modumphadumpha. Kenaka anagwada naipsompsona. Imeneyi inali mendulo yoyamba ya golide imene dziko la Canada linapata pa masewero ogwetsana chiyambire mpikisano wa Olimpiki.

Tsiku lomwelo dziko la Nigeria linali kukondwerera kuti latha zaka 40 lili pa ufulu wodzilamulira. Mnyamata uja, Daniel Igali, mchombo wake unagwera komweko, m'mudzi wa Eniwari, ndipo zaka 6 m'mbuyomo anali kaputeni wa timu ya Nigeria. Pamene iye ankapsompsona mbendera ya eni, timu ya dziko lakwawo inali kulongedza katundu popanda golide ndi mmodzi yemwe. Golide yekhayo amene Nigeria ili naye wa ku Sydney, wa amuna othamanga mopatsirana kamtengo, anachita kupatsidwa patapita zaka 12, a ku America atalandidwa kaamba ka mankhwala oletsedwa. N'zosadabwitsa tsono kuti ena ku Nigeria anamuona Igali ngati mwana amene wadyera kwawo n'kukakolola kwina.

Mlandu umenewu si wachilendo kwa anthu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mwana wake amene anapita ku Joni, ku Harare kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu amakangana pabwalo ngati anachita bwino kapena ayi. Moyo wa Igali umathandiza pa mkanganowu chifukwa uli ndi mbali zonse ziwiri, kuchoka ndi kubwerera komwe.

Poyamba ndi bwino kusiyanitsa masewerowa ndi aja amaonetsedwa m'nyumba za kanema m'misika, momwe zimphona zimaswerana mipando pamutu anthu akukuwa. Ajawa ndi zisudzo, ndipo wopambana amakhala atadziwika kale asanalowe m'bwalo. Kugwetsana kwa ku Olimpiki kuli pafupi kwambiri ndi kumene anyamata abusa amachita pamchenga wa kumtsinje ng'ombe zikamamwa madzi. Palibe kumenya, palibe kuponda, palibe kukanyanga pakhosi. Anthu awiri olemera mofanana amakumana pamphasa yofewa yokhala ndi mzere wozungulira wa mamita 9 kutambalala kwake. Amalimbana zigawo ziwiri za mphindi zitatuzitatu. Wogwetsa mnzake n'kumulamulira amapeza mapointi, ndipo amene wakanikiza mapewa onse awiri a mnzake pamphasa wapambana nthawi yomweyo. Pali mitundu iwiri: wa Greco-Roman, umene suloleza kugwira miyendo, ndi wa freestyle, umene umaloleza. Igali anali wa freestyle. Ndi masewero akale kwambiri. M'manda a ku Beni Hasan ku Egypt muli zithunzi za anthu ogwetsana zimene zinajambulidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ndipo owerenga Baibulo akukumbukira za Yakobo amene anachezera kulimbana usiku wonse pa dooko la Yaboki.

Baraladei Daniel Igali anabadwa pa 3 Febuluwale 1974, mmodzi mwa ana 21 a bambo ake. Eniwari ali kumatsiriro a mtsinje wa Niger, kumene mtsinjewo umagawikana mifuleni yambirimbiri usanathire m'nyanja ya mchere. Amene anafikapo ku Chinde, kumatsiriro a Zambezi, kapena ku madambo a Ndindi ku Nsanje, angathe kuliona derali m'maganizo: madzi ponseponse, ulendo ndi wa pa bwato, chakudya ndi nsomba, chinangwa ndi nthochi zophika. Eni dera ndi a mtundu wa Ijaw, ndipo kwa iwo kugwetsana ndi mwambo monga mmene ingoma ilili kwa Angoni. Midzi imaitanizana, ng'oma zimalira, amayi amaimba, ndipo mnyamata wogwetsa anzake dzina lake limatchuka mitsinje yonse. Igali anakulira m'manja mwa agogo ake aakazi, ndipo anayamba kugwetsana ndi anzake pa dothi asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli mphasa zochitirapo zimenezi.

Pansi pa madambo amenewa pali chuma. Mafuta oyamba ogulitsa a dziko la Nigeria anapezeka m'chaka cha 1956 pa Oloibiri, m'chigawo chomwechi chimene lero chimatchedwa Bayelsa. Koma mafutawo ankadutsa m'mipope kupita kunja, kusiya midzi yopanda magetsi, yopanda misewu, ana akuphunzira m'zisakasa zodontha, ndipo nthawi zina mitsinje itaipitsidwa moti nsomba n'kufa. Ali ndi zaka 10, Igali anaona ndi maso ake Appah Macauley, katswiri wogwetsana amene anaimira Nigeria ku Olimpiki. Kwa mwana wa kumudzi, kumva kuti masewero a pabwalo angakweze munthu ndege chinali chinthu chachikulu. Alangizi ndi aphunzitsi amadziwa kuti zimayamba motere kawirikawiri: mwana amafuna kuona munthu wonga iye amene wafika kumene iye sanaganizepo.

Kukwera kwake kunali kwa msanga. Ali ndi zaka 16 anali kale katswiri wa dziko lonse la Nigeria. Mu 1993 anapambana mpikisano wa mu Africa mumzinda wa Pretoria ku South Africa, ndipo chaka chotsatira anachitanso chimodzimodzi ku Cairo. Mu Ogasiti 1994 anatsogolera timu ya dziko lake ku masewero a Commonwealth mumzinda wa Victoria ku Canada. Kumeneko zinthu sizinamuyendere, anathera pa nambala 11. Masewero atatha, anzake anakwera ndege kubwerera kwawo, iye anatsala. Anali ndi zaka 20.

Kuti munthu aweruze bwino nkhaniyi ayenera kukumbukira mmene Nigeria inalili chaka chimenecho. Pamene a ku South Africa ankaponya voti mu Epulo, ndipo Amalawi ankasankha boma latsopano pa 17 Meyi, Nigeria inali kuyenda chobwerera m'mbuyo. Chisankho cha pa 12 Juni 1993, chimene anthu ambiri amavomereza kuti anapambana ndi Moshood Abiola, chinathetsedwa ndi asilikali. Mu Novembala chaka chomwecho Sani Abacha analanda boma. Mu Juni 1994 Abiola anamangidwa, ndipo pamene timu inkapita ku Victoria n'kuti ogwira ntchito za mafuta ali pa sitalaka, sukulu zaukachenjede zikungotsekedwatsekedwa. Patangotha chaka ndi miyezi yochepa, pa 10 Novembala 1995, boma la Abacha linanyonga mlembi Ken Saro-Wiwa ndi anzake 8, anthu a kumadambo komweko amene ankadandaula za kuonongeka kwa malo awo. Nigeria inaimitsidwa mu Commonwealth, moti ku masewero a ku Kuala Lumpur a 1998 sinapiteko. Igali akanabwerera, akanakhala m'gulu la achinyamata amene zaka zawo zamphamvu zinathera kudikira.

Sanali yekha. Chaka chomwecho cha 1994 mnyamata wina wa ku Nigeria, Francis Obikwelu, anatsalira ku Lisbon atatha mpikisano wa achinyamata, nagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo mu 2004 anapezera dziko la Portugal mendulo ya siliva pa liwiro la mamita 100. Dziko limene ana ake aluso amathawa mmodzimmodzi motere liyenera kudzifunsa lokha lisanayambe kuwatukwana. Amalawi amene anasunga anthu oposa 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndiponso amene abale awo anathawira ku Zambia ndi Tanzania m'zaka za chipani chimodzi, amadziwa kuti munthu sasiya kwawo chifukwa cha kukhuta.

Moyo wa ku Canada sunayambe ndi nthungululu. Anamulandira ndi bambo wina amene ankayendetsa galimoto mongodzipereka pa masewero aja. Pambuyo pake Igali anakakhala kufupi ndi mzinda wa Vancouver, kumene usiku ankagwira ntchito ya ulonda, masana n'kumapita ku sukulu ndi kokonzekera masewero. Aliyense amene anachezerapo pageti ya bwana ku Johannesburg kapena ku Cape Town m'mwezi wa Juni akudziwa mmene thupi limakhalira kukacha. Tsono munthu wotero akalimbane ndi anzake amene agona bwino, adya bwino! Analowa pa Douglas College, kumene anakumana ndi mphunzitsi Dave McKay, kenaka pa yunivesite ya Simon Fraser, kumene ankaphunzitsidwa ndi Mike Jones.

Apa m'pamene panaonekera kusiyana kwa luso lobadwa nalo ndi luso losulidwa. Kumudzi, ukangomugwetsa mnzako kamodzi nkhani yatha, ng'oma zilire. Pamphasa ya mayiko, wogwetsedwa amadzuka n'kubweranso, ndipo mphindi zomaliza ndi zimene zimaweruza. Mnyamata wachangu ngati mphaka angathe kutsogola pa chiyambi, koma mpweya ukamuthera, mnzake wopirira amamudya pang'onopang'ono. Mankhwala ake ndi otopetsa ndipo alibe ulemerero: kuthamanga mitunda, kukwera zitunda, kubwereza kagwiridwe kamodzi kambirimbiri mpaka thupi lizolowere kuchita lokha. Palinso nkhondo ya sikelo. Wogwetsana amayezedwa asanalowe m'bwalo, ndipo akapyola kulemera kwa gulu lake ngakhale pang'ono amachotsedwa. Igali ankasewera m'gulu la makilogalamu 69. Pakati pa 1997 ndi 1999 anapambana maulendo 116 motsatizana m'mipikisano ya masukulu aukachenjede osagonjako ndi kamodzi komwe.

M'zaka zimenezi panali mayi wina amene dzina lake silingasiyidwe, mayi Maureen Matheny, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina kumeneko. Iwo anamutenga mnyamata wachilendoyu ngati mwana wobala okha, ndipo iye ankawaona ngati mayi ake. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma si kawirikawiri mwambiwu umaoloka nyanja ndi khungu lomwe. Mu 1998 Igali analandira unzika wa dziko la Canada, ndipo chaka chomwecho anathera pa nambala 4 pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Mu Okutobala 1999, mumzinda wa Ankara ku Turkey, anagonjetsa Lincoln McIlravy wa ku America ndi mapointi 3 kwa 2 pa ndime yomaliza, nakhala mwamuna woyamba wa ku Canada kukhala katswiri wa dziko lonse pa masewerowa. Nthawi imeneyo n'kuti mayi Matheny akudwala khansa mwakayakaya. Anabwerako msanga, anawapeza ali moyo, anawaonetsa menduloyo, ndipo patangopita masiku owerengeka anatsikira kulichete. Za ku Sydney sanazione.

Ku Sydney anakumananso ndi McIlravy pa ndime yachibwereza, ndipo mpikisanowo unachita kufika m'nthawi yoonjezera asanapambane. Zotsatira zake zanenedwa kale. Chaka chimenecho anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa masewero m'dziko la Canada.

Masiku 6 Igali asanapambane, mumzinda womwewo, Maria Mutola wa ku Mozambique anapata golide pa liwiro la mamita 800. Nkhani zawo n'zofanana kwambiri kuposa mmene zimaonekera. Mutola anakulira ku Chamanculo mumzinda wa Maputo akusewera mpira wa miyendo ndi anyamata, mpaka mlakatuli José Craveirinha anaona liwiro lake. Nayenso anasulidwira kunja: mu 1991 anapita ku Oregon m'dziko la America ndi thandizo la komiti ya Olimpiki. Onse awiri anachoka ali achinyamata, onse awiri anaphunzitsidwa ndi azungu a kutsidya. Kusiyana kwake n'kwakuti Mutola anatulukira pakhomo, atatsanzikidwa, choncho mbendera yakwawo anapita nayo. Igali anatulukira pazenera chifukwa khomo linali lotseka. Kunena kuti wina ankakonda dziko lake kuposa mnzake n'kuphonya nkhani. Pamene pali njira yoti mwana apite akaphunzire ndi kubwera, dziko silitaya kanthu.

Dziko la Malawi silinapatepo mendulo ku Olimpiki. Ku masewero a Commonwealth lili ndi mamendulo atatu a mkuwa, onse a nkhonya: ya Tatu Chionga mu 1970, ndi a Lyton Mphande ndi Solomon Kondowe mu 1986. Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene mu 2016 analimbana ndi Sergey Kovalev ku Russia pofuna malamba a dziko lonse, anachita kukakulira ku Johannesburg pa ntchito yake ya nkhonya. Mphamvu ndi mtima zilipo m'midzi. Chimene chimasowa ndi munthu wozisula ndi malo osulirapo.

Zaka zotsatira za Igali pamphasa zingathe kunenedwa mwachidule. Akuluakulu a masewerowa anachepetsa magulu, gulu la makilogalamu 69 linathetsedwa, ndipo iye anakwera kupita ku 74 kumene anzake anali aakulu matupi. Anapatabe golide ku masewero a Commonwealth ku Manchester mu 2002. Mu 2003 anachitidwa opareshoni ya khosi, ndipo ku Olimpiki ya ku Athens mu 2004 anathera pa nambala 6. Mu 2005 anayesa ndale m'chigawo cha British Columbia, naimira dera la Surrey-Newton, koma anagonja kwa Harry Bains. Anapitiriza sukulu mpaka anatenga digiri yachiwiri ya maphunziro a za umbanda pa Simon Fraser. Akanafuna, akanakhala phee ku Canada, akuyankhula m'misonkhano ndi kulandira ulemu mpaka ukalamba.

Koma kuyambira atangobwera ku Sydney anali atayamba kale kugogoda m'makomo. Ankayenda m'masukulu ndi m'misonkhano ya ku Canada kufotokoza za sukulu ya ku Eniwari imene iye anaphunziramo, ndi kupempha thandizo loti amange ina. Anagwirizana ndi bungwe la CUSO, limene limatumiza anthu ogwira ntchito zachitukuko m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ana asukulu a ku Canada nawo anasonkha. Kumanga kumadambo si masewera. Simenti, malata ndi zitsulo zonse zimayenda pamadzi, ndipo mtengo wake umakwera pa dooko lililonse. Ntchitoyi inatenga zaka, koma mu 2006 sukuluyo inatsegulidwa. Anaitcha Maureen Matheny Academy.

Ogwira ntchito za chitukuko aona apa chinthu chimene amakumana nacho tsiku ndi tsiku. Mendulo payokha siphunzitsa mwana kuwerenga. Chimene inachita n'kutsegula makomo a anthu amene sakanamvetsera mnyamata wa ku Eniwari akanapita chimanjamanja. Kutchuka kuli ngati mvula ya chizimalupsa, sikukhalitsa, ndipo wanzeru amathamangira kutchera madzi ikadagwa. Akatswiri ambiri a mu Africa muno kutchuka kwawo kunathera pa galimoto ndi maphwando. Komanso ndi chilungamo kunena kuti nyumba si sukulu. Opereka thandizo amakonda kumanga chifukwa chomanga chimajambulika, pamene malipiro a mphunzitsi, choko, mabuku ndi mafuta a jenereta zimafunika mwezi ndi mwezi popanda wojambula. Makomiti a sukulu ndi a zitsime m'maboma onse a m'chigawo chino akudziwa kuti tsiku lodula riboni ndiye chiyambi cha mavuto enieni.

Mwina n'chifukwa chake Igali sanakhutire ndi kutumiza ndalama ali kutali. Anabwerera kukakhala ku Nigeria. Anayamba ndi kuphunzitsa ndi kulangiza timu ya dziko, yomwe ija anaisiya ku Victoria. Mu 2011 anasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Bayelsa, ndipo anakhalamo matemu awiri. Mu 2013 anakhala pulezidenti wa bungwe loyendetsa masewero ogwetsana ku Nigeria, nasankhidwanso mu 2017 ndi mu 2021. Mu 2020 bwanamkubwa Douye Diri anamuika kukhala woyang'anira za achinyamata ndi masewero m'chigawocho.

Chaka cha 2013 chinalinso cha mayesero kwa masewerowa pa dziko lonse. Mu Febuluwale akuluakulu a komiti ya Olimpiki anaganiza zowachotsa pa ndandanda kuyambira mu 2020, ati chifukwa malamulo ake anali ovuta kumva ndipo oonerera anali kuchepa. Mayiko amene sagwirizana pa china chilichonse, America, Russia ndi Iran, anaima pamodzi kukana. Pa 8 Sepitembala, mumzinda wa Buenos Aires, anthu asanu anapatsidwa mwayi woyankhulira masewerowa pamaso pa komiti yonse, ndipo mmodzi mwa iwo anali Igali. Umboni wake unali moyo wake womwe. Poponya voti, kugwetsana kunapeza mavoti 49, baseball ndi softball 24, squash 22. Nkhaniyi inali yofunika kwa mayiko osauka koposa, pakuti masewero ambiri a ku Olimpiki amafuna mahatchi, mabwato a mtengo wapatali kapena maiwe osambiramo, pamene awa amafuna anthu awiri ndi malo ofewa.

Chodabwitsa pa ntchito yake ya ku Nigeria n'chakuti zipatso zazikulu zinachokera kwa atsikana. Kugwetsana kwa amayi kunalowa mu Olimpiki mu 2004 mokha, choncho mayiko onse anayambira pafupifupi pamzere umodzi, ndipo dziko losauka linali ndi mpata wopikisana. Ku Glasgow mu 2014 Odunayo Adekuoroye ndi Aminat Adeniyi anapata golide wa Commonwealth. Ku Gold Coast mu 2018 anabwereza, ndipo Blessing Oborududu anaonjezera wachitatu. Ku Birmingham mu 2022 anabweranso atatu, kudzera mwa Adekuoroye, Oborududu ndi Mercy Genesis. Sikuti onsewa anawaphunzitsa ndi manja ake. Adekuoroye, mwachitsanzo, ndi wa ku Ondo ndipo anasulidwa ndi mphunzitsi Purity Akuh. Ntchito ya mtsogoleri inali yosaoneka: kupeza ndalama za ulendo, kusonkhanitsa osewera m'misasa nthawi ikadalipo, kuonetsetsa kuti apita ku mipikisano ing'onoing'ono kumene munthu amaphunzirira kugonja. Kangapo konse Igali anadandaula poyera kuti ndalama za boma zimabwera mochedwa kapena osabwera n'komwe.

Oborududu ndi mwana wa ku Bayelsa, ndipo makolo ake poyamba sanafune kuti mtsikana azichita masewero a amuna. Pa 3 Ogasiti 2021, ku Olimpiki ya ku Tokyo, anafika pa ndime yomaliza ya makilogalamu 68. Anagonja kwa Tamyra Mensah-Stock wa ku America ndi mapointi 4 kwa 1, koma siliva amene anatenga anali mendulo yoyamba ya Nigeria pa masewero ogwetsana ku Olimpiki. Panali patapita zaka 27 chichokere kaputeni uja ku Victoria. Amene ankati anaba mendulo ya Nigeria n'kukapatsa Canada anayenera kuwerengeranso.

M'chigawo cha kumwera kwa Africa masewerowa ali ndi mizu ku South Africa, kumene amayendetsedwa ndi timakalabu ta m'matauni, aphunzitsi ambiri ali ongodzipereka akaweruka ku ntchito. Kumeneko n'kumene kunachokera Martin Erasmus, amene anapata golide wa makilogalamu 97 ku Gold Coast mu 2018. Kwa mlangizi wa achinyamata wa ku Mchinji, Katete kapena Angónia, amene alibe ngakhale mpira umodzi wabwino, nkhani yolimbikitsa ndi yakuti chiyambi chake sichilira ndalama. Bwalo la mchenga wosefedwa bwino, lopanda miyala ndi zitsa, n'lokwanira. Sikelo yoyezera chimanga kapena fodya ingathe kugawa ana m'magulu, pakuti ngozi zambiri zimabwera pamene wamkulu thupi agwera wamng'ono. Mwana aphunzire kugwa asanaphunzire kugwetsa: chibwano pachifuwa, osatsamira dzanja lowongoka. Kugwira khosi lokha, kupotokola mfundo ndi kuponya mnzako chamutu ziletsedwe kuyambira tsiku loyamba, ndipo pasakhale kulimbana popanda wamkulu woyang'anira. Zipere zimafala msanga pamene matupi akhudzana, choncho wa zilonda za pakhungu adikire achire. Atsikana azilimbana okhaokha, makolo ndi mafumu atafotokozeredwa bwino, ndipo ndi bwino kuti pakhale mayi wamkulu pabwalopo. Anyamata amene amaphunzira kugwirana chanza atagwetsana sakhala ofulumira kutola mwala pa mkangano wa kumpira.

Pali mbali ina ya nkhani ya Igali imene siyenera kubisidwa. Munthu mmodzi anakhala mphunzitsi, mkulu wa bungwe, phungu, kenaka nduna ya chigawo. Zimenezi zinathandiza kuti ndalama za boma la Bayelsa zifike ku masewerowa, ndipo mzinda wa Yenagoa unasanduka likulu lawo. Koma chimene chaimira pa munthu mmodzi ndi pa chifundo cha bwanamkubwa mmodzi chimagwedezeka ndale zikatembenuka. Ndi matenda omwe aja a mabungwe a m'midzi amene amayenda bwino pamene woyambitsa alipo, n'kufa iye akasamuka. Muyeso weniweni wa mphunzitsi ndi aphunzitsi amene wasiya, ndipo muyeso umenewo umatenga zaka kuti uwerengeke.

Ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024 zinthu sizinakome. Dziko la Nigeria, la anthu oposa 200 miliyoni, linabwerako popanda mendulo ndi imodzi yomwe pa masewero onse. Oborududu, ali ndi zaka 35, anafika pafupi kuposa anzake ambiri: anagonja pa ndime yachibwereza, ndipo polimbirana mkuwa anagonjanso kwa Nonoka Ozaki wa ku Japan ndi mapointi 3 kwa 0. Masewero otsatira adzachitikira ku Los Angeles mu 2028, ndipo atsikana amene adzaimire Nigeria kumeneko ambiri anali asanabadwe pamene Igali ankazungulira mbendera ku Sydney.